Mbiri yathu yasanduka chokulungira mtedza

Lero ndakwiya, ndipo pasapezeke wondiuza kuti ndiugwire mtima.

M'mawa uno ndagula mtedza wokazinga padepoti. Potambasula kapepala kake ndangoona ndi tsamba la buku lakalekale, lofiirira, mafuta atalowerera. Kalembedwe kake ndi kaja ka makolo, "Acewa" wopanda h. Mizere yotsalayo ikukamba za Kalonga ndi Undi, mafumu akale a Amaravi, kwinako kunang'ambika. Nditawafunsa mayi ogulitsawo, akuti bukulo analipeza m'katoni ya malemu apongozi awo ndipo akhala akulithothola tsamba limodzilimodzi kuyambira mwezi watha. Ndagula zotsalazo. Masamba 14 basi!

Mayiwo sindikuwada ayi. Ndikudana ndi ife ophunzirafe. Mabuku amenewa bwanji sitikuwasindikizanso?

Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, kuchokera pakamwa pa nkhalamba zomwe zinamva nkhanizo kwa agogo awo. Nkhalambazo zinapita zonse, palibe yomwe tingakaifunsenso. Mu 1973 buku lomweli linatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden, dziko la Germany. Mzungu ali nalo pashelefu, mwana wa ku Dowa sanalionepo n'chikuto chomwe. Si zamanyazi zimenezi?

Sindikizaninso mabukuwa. Ndikuti asindikizeninso! Lembaninso pakompyuta tsamba ndi tsamba, konzani pomwe chiswe chinadya, mawu ovuta muwamasulire m'munsi, mwana wa fomu 2 awerenge. Zomwe zili ku National Archives ku Zomba zijambuleni, zifike pafoni ya aliyense. Tikudikira chiyani, kuti chinyezi chimalize kaye?

Ndikudziwa ena mwayamba kale kulemba m'munsimu zoti pepala lakwera mtengo, Amalawi sawerenga. Koma ya zitenje ndi malaya a misonkhano ndiye imapezeka. Chaka ndi chaka timadzaza mabasi kupita ku Kulamba ku Mkaika, kukavina, kukajambulitsa zithunzi. Tikabwerako mwana atifunse kuti Undi anachoka bwanji kwa Kalonga, tingoti kukamwa yasa. Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Nanga agonera pati, poti tawakulungira mtedza?

Ndiye pali enanu a pa Facebook, mumangokopera mbiri ya Amaravi ya m'Chingerezi, mayina a mafumu n'kuwalemba mokhotakhota, Mankhamba, likulu lakale la Amaravi, mpaka kusanduka "Mankamba". Wina akakukonzani mumamubuloka.