Lekani kumenya kompyuta mbama, ana inu!

Ndalemba izi mtima ukuwawa. Sabata yathayi ndinalowa m'kashopu kena kotayipa ndi kujambula mapepala pamsika wathu, kuti andisindikizire kalata ya kumpingo. Mnyamata wa pamenepo anabaya fulashi yanga, n'kudina, n'kudikira. Kaja ka pa sikirini kakungozungulira. Atatopa anawerama n'kuimenya CPU, bokosi lija la kompyuta, mbama zamphamvu m'nthiti, phwa! phwa! Kagetsi ka kutsogolo kali chiyakire, ndipo ine ndi makutu anga okalambawa ndinkamva bwinobwino mkatimo muli tiki, tiki, tiki. Nditamufunsa chomwe akuchita, anandiyankha akuseka: "Madala, imeneyi ndi yamakani, ikapanda kumenyedwa siyenda."

M'kompyuta imeneyo muli ma CV a achinyamata a dera lonse lino, makalata ogulitsirana malo, zithunzi za maukwati zomwe eni ake sanatengebe, ndi ngongole zonse za mwini shopu. Ndinafunsa ngati zimenezi anazisungako pena. Mwana anangoti kukamwa yasa.

Kodi munayamba liti kudzutsa wodwala ndi mbama? M'hadi disiki, momwe kompyuta imasungira mafayilo onse, muli timbale tozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi, kamutu kowerenga kakuyandama pamwamba pake, pa mpata woti ngakhale kafumbi sikangadutsepo. Inu n'kumagwedeza! Kamutuko kakangokhudza mbale, pakandika, ndipo pokandikapo mwina mpomwe panali satifiketi ya mwana wa eni.

Si mnyamata uja yekha ayi, musamuseke. Ena mwa inu kompyuta ikangochedwa pang'ono mumathamangira kuzula chingwe kukhoma, kagetsi ka disiki kakuphethira, iyo ili mkati molemba. Magetsi azitizimira okha monga amachitira, nanunso muziwonjezera dala? Ndalama ya masipika akuluakulu ogwedeza malata mumaipeza, koma ya UPS, batire lothandiza kompyuta magetsi akazima, ndiye "tiona mwezi wamawa." Mwezi wamawa wake uti?

CPU mwaiika pansi, kunsi kwa tebulo, komwe wosesa amakankhirako fumbi m'mawa uliwonse, komwenso inu mumaigunda ndi nsapato nyimbo ikakoma. Ena mumaifunda chitenje ikugwira ntchito, m'mwezi wa Okutobala, ati kuopa fumbi. Munaitsegulako liti m'mbali kuti muone ngati fani ikuzungulira? Ina ya pa ofesi ina nditaitsegula ndinapezamo fumbi lokhuthala lophimba timabowo tonse, mphemvu zouma, ndi makoko a mtedza. Makoko a mtedza! Analowamo bwanji, adziwa ndi Mulungu.

Nanga inu anyamata obena nyimbo? Mzere wa C, woonetsa kudzaza kwa disiki, unafiira kalekale, koma mukungothirabe mafilimu oti simudzawaoneranso. Fulashi ya aliyense wodutsa, kamemore ka aliyense wotsika minibasi, mukungobaya osafunsa kuti yachokera kuti, ena mukadali pa Windows 7 yomwe a Microsoft anasiya kuisamalira mu Januwale 2020. Vairasi ikalowa, mumaika ma antivirus atatu nthawi imodzi, onse otola pa intaneti, aliyense akupekesa fayilo yomwe mnzake akupekesa, disiki ili wefuwefu. Pamwamba pa izo mumawonjezera timapulogalamu tolonjeza kuti kompyuta izithamanga mukangodina kamodzi. Amene anakuuzani kuti liwiro amachita kutsitsa pa intaneti ndani? RAM yanu, momwe kompyuta imaika zomwe ikugwira panthawiyo, ndi 4GB, koma masamba a Chrome mwatsegula mpaka mayina ake osaoneka, uku Facebook, uku YouTube, uku mpira. RAM ikadzaza, Windows imakataya zotsalazo pa disiki yomwe ija, ndiye muzidabwa kuti yafooka?

Ndamvanso kuti alipo amene akuphunzitsana kugoneka hadi disiki m'firiji usiku wonse. M'firiji, pambali pa nkhuku ya Lamulungu! Mukaitulutsa m'mawa ili ndi chinyontho mkati ndi kunja, n'kuilumikiza ku magetsi, mukuyembekezera chiyani? Safunsa anadya phula.

Koma mkwiyo wanga waukulu uli pa inu odzitcha akatswiri, oyenda ndi fulashi ya Windows m'khosi. Mankhwala anu ndi amodzi basi: kufomata, kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Kompyuta ikuchedwa, fomata. Ikulira mkati, fomata. Mayi wa eni akubwera atanyamula CPU pamutu, muli malekodi a banki m'khonde a amayi anzake, inu osamufunsa n'komwe kuti, "Mayi, muli chiyani chofunika umu?" Mwalandira ndalama, kompyuta yathamangako masiku owerengeka, kenako yabwereranso pomwe paja, chifukwa vuto silinali Windows, inali disiki ikufa. Mafayilo aja apita, disiki nayo yapita. Ena mumachotsa hadi m'makompyuta a kaunjika, kuipukuta bwino, n'kumuuza munthu kuti ndi yatsopano. Simudziwa kuti iyo yokha imalemba maola onse amene yakhala ikuyaka? Manyazi mulibe?

N'chovuta chanji kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager yoonetsa zomwe kompyuta ikuchita itseguke, muyang'ane pomwe palembedwa Disk? Ngati pali 100%, ndiye kuti disiki yatanganidwa kotheratu, onani amene akuidya. Mwina ndi Windows Update, mwina antivirus ikufufuza kompyuta itangoyaka kumene. Zikatero khalani pansi, imwani tiyi, imalize. Mwina ndi khwimbi la mapulogalamu odziyatsa okha, omwe mungawazimitse pa Startup pomwepo. Koma mukaona kuti palibe chomwe chikukoka kwenikweni, disiki ili pa 100% chikhalire, foda yaing'ono ikutenga nthawi yaitali kutseguka, kukopera fayilo kukuima pakati n'kuyambiranso, pamenepo lekani nthabwala.

Disiki imanena yokha za thanzi lake kudzera mu chomwe amati SMART, ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imakuwerengerani. Ikalemba Good, pumani pang'ono, ngakhale zina zimafa osachenjeza. Ikalemba Caution, pachikasu, kawirikawiri ndiye kuti pali timalo tomwe tawonongeka, disiki yayamba kusamutsa zinthu kapena ikulephera kuwerenga. Kuchedwa kuja n'kumeneko: ikubwereza kuwerenga malo amodzimodzi. Ikamalira tiki, tiki, musadikirenso pulogalamu kuti ikuuzeni.

Ndipo apa mpomwe ambiri mumapusira, ngakhale ophunzira. Mwaona chikasu chija, inu n'kuyamba defrag, yosanjanso mafayilo pa disiki yonse. Wina n'kuyamba chkdsk kuti ipekese disiki yonse usiku wathunthu. Mukuigwiritsa ntchito yakalavulagaga pomwe mphamvu zomwe yatsala nazo ndi zongokwanira kutulutsa katundu wanu! Koperani kaye. Yambani ndi makalata, malekodi a ndalama ndi zithunzi, zomwe simungazipezenso kwina. Nyimbo ndi mafilimu zidikire, kapena zipite, palibe adzalire maliro ake. Ndipo kusunga pena sikutanthauza foda ina pa disiki yomweyo, kapena D pomwe C ndi D zili pa hadi imodzi. Sikutanthauzanso kafulashi kamodzi koyenda m'thumba la buluku, komwe kadzachapidwe nako Loweruka.

Mukamaliza kukopera, ndiye zimitsani, zulani magetsi, tsegulani m'mbali, pemererani fumbi, muone chingwe cha SATA, cholumikiza disiki ndi kompyuta, ngati chalowa bwino. Kachingwe kotchipa kameneko kanapusitsapo anthu ambiri n'kutaya disiki yabwinobwino. Ngati disikiyo yathadi, gulani SSD, disiki yamakono yosunga zinthu ngati mmene fulashi imasungira. Hadi wamba imawerenga mwina 100 mpaka 200MB pa sekondi, SSD ya SATA imafika cha m'ma 500, ndipo mulibe chozungulira. Ngakhale yaing'ono ya 240GB ingadzutse kompyuta yakale yomwe munkafuna kutaya. Koma nayonso musakaipange defrag, siifuna zimenezo, ndipo nayo tsiku lake limakwana.

Inu eni mashopu, alembi a kumpingo, aphunzitsi akulu amene mwasunga mayina ndi malikisi a ana a sukulu yonse m'kompyuta imodzi ya fumbi, mukuwerenga izi n'kumati akunena ena. Ndikunena inu. Wa tiki tiki uja akadzakufikirani, musadzabwere pakhomo panga ndi hadi disiki m'jumbo, misozi ili chuchuchu, muli "agogo tithandizeni." Sindidzatsegula chitseko.