Kamzere kamodzi kanandidyera ola lathunthu

Anzanga amene mumalemba pa wiki, tiyeni tikambirane za mayina a ma parameter, malo aja timalembamo zinthu mu template (chikombole chomwe masamba ambiri amagwiritsa ntchito), ine zandikwana.

Dzulo usiku ndinakhala ola lathunthu pa kawiki kathu ndikufufuza chifukwa chake mawu a pansi pa chithunzi sankaoneka. Ndinaganizira netiweki, ndinaganizira foni, mpaka bandulo kutsala pang'ono kutha. Kenako ndinaona kuti ndinalemba caption pomwe bokosi la chidule la patsambalo (infobox) limamva image_caption. Tsamba linasungika bwinobwino, osadandaula kalikonse, mawu anga n'kungomezedwa.

Kulakwa kunali kwanga, sindikana. Koma taonani mmene zilili pa Wikipedia ya Chingerezi, kumene mawiki ang'onoang'ono ambiri amakatapa ma template awo. Mu Infobox person chithunzi ndi image, mawu ake ndi caption. Mu Infobox settlement chithunzi chachikulu ndi image_skyline, mawu ake ndi image_caption. Tsiku lobadwa ndi birth_date, kamzere kapansi. Mukafika pa cite web, template yolembera maumboni a pa intaneti, tsiku limene munawerenga tsambalo ndi access-date, kamzere kapakati. Kuwonjezera apo, kwa MediaWiki, pulogalamu yomwe imayendetsa mawikiwa, Name ndi name ndi anthu awiri osadziwana, pomwe chilembo choyamba cha dzina la template yeniyeniyo mutha kuchilemba chachikulu kapena chaching'ono, zonse zimayenda. Mlendo angaloweze bwanji zonsezi?

Olemba ma script, timapulogalamu tothandiza pa ntchito, nawonso sanapulumuke. Pa API ya MediaWiki, njira yomwe mapulogalamu amalankhulira ndi wiki, pofunsa za tsamba ndi query mumalemba titles. Pofuna zomwe zili m'tsambalo ndi parse mumalemba page. Polikonza ndi edit mumalemba title, popanda s. Polisamutsa ndi move mumalemba from ndi to. Tsamba lake ndi lomwelo, koma khomo lililonse limaliitana dzina lina.

Sindikuloza chala munthu. Zinthu izi zinalembedwa ndi anthu ambirimbiri, ochuluka mwa iwo ongodzipereka, pa zaka zosiyana, ndipo aliyense ankatcha mwana wake dzina lomwe linamubwerera tsiku limenelo. Pomwe ndimasiyana ndi anzanga ena ndi pa mankhwala ake. Iwo amati tisankhe kalembedwe kamodzi, titumize bot (pulogalamu yokonza masamba yokha) ikasese masamba onse. Zimenezo zinayesedwapo. Chakumapeto kwa 2020 bot yotchedwa Monkbot inayamba kusintha mayina ngati accessdate kukhala access-date m'masamba osawerengeka. Owerenga sankaona kusiyana kulikonse, koma akonzi anangoona mndandanda wa masamba omwe amalondera utadzaza ndi kamzere. Panabuka mkangano, mu 2021 ntchitoyo inaima, ndipo mpaka lero mayina onse awiri akugwira ntchito. Phokoso lonse lija, kamzere basi.

Sikuti dzina lisamasinthe konse ayi. Mu 2019 deadurl, yonena ngati ulalo wa umboni unafa, inalowedwa m'malo ndi url-status, ndipo apo ndinagwirizana nazo, chifukwa dzina lakale linkamveka ngati funso la eya kapena ayi, pomwe latsopanoli likugwirizana ndi zomwe mutha kunena: kuti ulalo uli moyo, unafa, kapena adiresiyo inalandidwa ndi ena. Kumeneko ndiye kusintha kwa phindu.

Kwa ine chopweteka si kuchuluka kwa mayina. Kwathu munthu mmodzi amakhala ndi dzina la kusukulu, la kumudzi, mfunda wake, kenako n'kukhala bambo a uje, ndipo onsewo amawayankha. Chopweteka ndi template yomwe mwaiitana dzina lolakwika, iyo n'kungokhala duu. Ngakhale isanafike 2013, pomwe Lua, chilankhulo cholembera mapulogalamu, inafika pa mawiki a Wikimedia, kulandira mayina awiri kapena atatu pa chinthu chimodzi inali kale ntchito ya mzere umodzi. Ma template a maumboni amachita bwino apa: mukalemba dzina lomwe salidziwa amakulemberani chenjezo lofiira, nthawi zina n'kukuuzani lomwe mwina mumafuna. Palinso module (kapulogalamu ka Lua) yotchedwa Check for unknown parameters, yomwe imakuchenjezani mukamaona tsamba musanalisunge, ndi TemplateData, momwe mumalembamo mayina onse ovomerezeka kuti VisualEditor, chida chokonzera tsamba mukuliona momwe lionekere, iwadziwe. Tsoka lake, ife okopera timanyamula bokosi lokha n'kusiya alonda akewo kumbuyo, ndipo ndi zomwe zinachitika pa kawiki kathu.

Choncho m'mawa uno sindinasinthe dzina lililonse. Ndangophunzitsa bokosi lija kuti lizimva caption komanso image_caption, n'kuikamo chenjezo lija. Wina wandiuza kale kuti ndikulera ulesi, kuti anthu aziwerenga malangizo kaye. Ndamufunsa kuti anditchulire pamtima mmene amalembera kukula kwa chithunzi m'mabokosi atatu okha, imagesize kapena image_size, ndipo mpaka pano sanayankhe.