Musathamangire kugula rauta ina

Achimwene olemba nkhaniyi, mwati Wi-Fi ikayamba kufooka tingogula rauta (kabokosi kofalitsa Wi-Fi m'nyumba) yatsopano, koma za adaputala, kabokosi kapakhoma kopatsa rauta magetsi, simunanenepo olo pang'ono. Ine ndimakhala pa boma pa Ntcheu, rauta yanga inkangozima n'kuyakanso yokha makamaka madzulo ana akalumikiza mafoni onse, ndinkaganiza kuti ndi mapiri athuwa akutchinga netiweki mpaka ndinakaipachika pawindo koma ayi ndithu. Mnyamata wina wokonza mafoni kumsika anayeza adaputala ndi mita yake, ili payokha inkaonetsa 12V bwinobwino koma atailumikiza ku rauta mphamvu inkatsika, atatsegula adaputalayo tinapeza kapasita, kachipangizo kosunga magetsi m'katimo, yatupa ngati chitumbuwa. Kuthimathima kwa magetsiku ndi kumene kumapha timabokosi timeneti, komanso kutentha poti timagona pakhoma usiku ndi usana.

Ndinangogula adaputala ina basi, rauta yomweyo ikugwira ntchito mpaka lero.

Koma abale musanagule adaputala ina werengani kaye zolembedwa pansi pa rauta. Mavoti akhale omwewo ndendende, ma amp akhoza kuposa koma asachepe, muonenso kachizindikiro ka + ndi - ngati kakufanana. Musamangotenga ya dikoda poti yalowa pabowo. Magetsi akathima zulani pakhoma, akabwera dikirani akhazikike kaye.