Mukukana katemera chifukwa simunaionepo nthomba

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. M'mawa uno alangizi a zaumoyo amayenda khomo ndi khomo kudera kwathu kuno, kabokosi kali paphewa, kudonthezera ana katemera wa poliyo. Atafika pakhomo lina chapafupi ndi pathu, bambo wa panyumbapo anawathamangitsa ngati akuba. Ana onse anawatsekera m'nyumba. Akuti madonthowo ndi chiwembu cha azungu chofuna kuti anthu akuda tisamabereke. Mayi wa anawo anangoima pakhonde, kukamwa kuli chete. Mtsikana wa zaumoyo uja, thukuta lili kamukamu, anangoti "Zikomo bambo," n'kumapita khomo lina.

Bambo inu, ndi nonse amene mumaganiza ngati iwo, mukukana katemera chifukwa simunaionepo nthomba. Basi. Mtima wokanawo mwaupeza chifukwa matenda amene akanakuphunzitsani mantha anachotsedwa musanabadwe, ndipo amene anawachotsa ndi katemera yemweyo mukumutukwanayo.

Pitani mukafunse agogo anu kuti nthomba chinali chiyani. Pa anthu khumi odwala, pafupifupi atatu ankafa. Opulumuka ankatsala ndi zipsera nkhope yonse, ena maso n'kufa. M'zaka za m'ma 1900 zokha, nthomba inapha anthu pafupifupi 300 miliyoni padziko lonse. Lero ili kuti? Mwana wanu mukamuuza kuti nthomba, aganiza za katsabola. Simunapiteko kumaliro a nthomba, simunasamalepo wodwala nthomba, ndiye mukuyesa kuti inangotopa n'kuchoka yokha?

Zoti izi ndi za azungu ndiye zimandinyansa kwambiri. Ku Boston, ku America, kunali munthu wakuda wogwidwa ukapolo kuchokera ku Africa, amene anamupatsa dzina loti Onesimus. Ndiye amene anafotokozera mbusa Cotton Mather kuti kwawo anthu ankacheka pakhungu pang'ono n'kupakapo mafinya a wodwala nthomba, kuti munthu adwale pang'ono koma asadzadwalenso. Mliri utagwa mumzindawo mu 1721, dokotala Zabdiel Boylston anaiyesa njirayi pa anthu opitirira 240, ndipo anamwalira 6 okha. Mwa ena pafupifupi 5,900 amene anadwala nthomba mumzindawo, anafa 844. Werengani nokha. Nzeru imeneyo inachokera kuno ku Africa, azungu ndiye anali okana, mpaka wina anaponya bomba pawindo la nyumba ya Mather. Lero zatembenuka, okana ndife.

Patapita zaka 75, mu May 1796, Edward Jenner wa ku England anatenga mafinya a nthomba ya ng'ombe padzanja la mayi wokama mkaka, Sarah Nelmes, n'kutemera mnyamata wa zaka 8, James Phipps. Atamuyesa pambuyo pake ndi nthomba yeniyeni, mwanayo sanadwale. Katemera anayambira pamenepo. Mu 1967 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa ntchito yosaka nthomba mudzi ndi mudzi, ndipo mu May 1980 linalengeza kuti nthomba yatha padziko lonse lapansi. Yatheratu! Palibe matenda ena a anthu amene anathetsedwapo chonchi mpaka lero. Ogwira ntchito imeneyo anali anthu ngati mtsikana uja mwamupirikitsa m'mawayu, oyenda pansi atanyamula kabokosi.

Ndipo mukudziwa munthu womaliza kutenga nthomba mwachilengedwe? Ali Maow Maalin, wophika pachipatala cha ku Merca, ku Somalia, mu October 1977. Ankagwira ntchito pachipatala koma anali atazemba katemera chifukwa choopa kubayidwa. Anadwala, mwamwayi anachira. Kenako anadzipereka kuyenda m'midzi ya ku Somalia kulimbikitsa makolo kuti ana alandire katemera wa poliyo, mpaka anamwalira ndi malungo mu 2013 ali pantchito yomweyo. Iyeyo anaiona nthomba pathupi pake, n'chifukwa chake sanakanenso. Inu simunaione, n'chifukwa chake muli ndi matama.

Kaya ndi mauthenga a pa WhatsApp, kaya ndi mipingo ina, kaya ndi kusaphunzira, ine ndilibe nazo. Chimene ndikudziwa n'chakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Mwaiwala kale za 2022? Mu August 2020 Africa yonse inalengezedwa kuti ilibenso kachilombo ka poliyo kachilengedwe, tinaomba m'manja. Mu February 2022 kanapezeka ku Lilongwe, mwa kamtsikana ka zaka zitatu kamene kanapuwala, patatha zaka 30 chionekereni komaliza kuno ku Malawi mu 1992. Akatswiri atakafufuza anapeza kuti mtundu wake ndi wa ku Pakistan. Pakistan, abale anga! Kachilombo kowoloka nyanja mpaka kufika ku Lilongwe ndiye kalephere kulowa pachitseko chanu chifukwa mwakhoma loko? Kumpoto kwa Nigeria, ku Kano, anayesapo zomwezi mu 2003. Bodza lake linali lomweli, lakuti madontho amaumitsa atsikana kuti asadzabereke. Anaimitsa katemera pafupifupi chaka, poliyo n'kufalikira m'maiko ena amene anali ataithetsa kale. Opuwala sanali akuluakulu amene anayambitsa bodzalo, anali ana.

Ichi ndicho chikundiwawa. Inu bambo muli ndi chipsera pamkono. Mayi anu anakuberekani kumbuyo kupita nanu kusikelo, anaima pamzere, munabayidwa, munalira, munakula. Ana mwaberekanso, ndiye kuumako kuli pati? Miyendo yanu iwiri mukuyendera bwinobwino, mukuthamangitsira nayo alangizi, koma mwana wanu mukumumana chimene inuyo munalandira. Poliyo alibe mankhwala ochiza. Mwendo ukalobodoka walobodoka, palibe jakisoni wobwezeretsa, ndipo amene adzakwawe pafumbi moyo wake wonse si inu ayi. Mwanayo sanasankhe. Mwamusankhira ndinu, munthu amene simunaonepo chikuku chikupululutsa ana pamudzi, simunaonepo khanda likuuma thupi ndi kafumbata. Mtendere mwaupeza wophikaphika ndiye mukuuyesa wamba.

Ndipo anthu omwewa, okayikira madontho awiri amene ayesedwa kwa zaka zoposa 60, ndi omwe amagula makapisozi pamsika, oyanikidwa padzuwa pambali pa sopo ndi machesi, osafunsa n'komwe kuti ndi a chaka chiti. Chimfine, amoxicillin. Mutu, amoxicillin. Amwa awiri, apezako bwino, otsalawo asungira mlamu wawo. Alexander Fleming, amene anatulukira mankhwala opha tizilombo a penicillin mu 1928, anachenjezeratu polandira mphoto ya Nobel mu 1945 kuti kumwa mankhwala osakwanira kudzazoloweretsa tizilombo mpaka mankhwalawo adzasiya kugwira ntchito. Ndi zimene zikuchitika m'zipatala lero. Munthu akupatsidwa mankhwala awa osamva, awo osamva, ndiye achibale ayambe kuloza zala nkhalamba ya pamudzi kuti yamulodza. Ogulitsa makapisozi aja ali phee pamsika, palibe wowafunsa chiphaso, ndipo mawa lino adzayalanso pamalo omwewo.