Eni mathiraki tamverani, kapepala ka pagalasi kaja sikadzakudzutsani mukagwa

Ena mwa inu ndakuuzani pamaso koma simukumva, ndiye lero ndilembe pano aliyense adziwerengere yekha. Inu ana anga amene mwagula mathiraki masiku ano, mukuyenda Beira, Nacala, Dar es Salaam, ena mukututa feteleza, simenti, fodya wopita ku Kanengo, zomwe mukuchita pa nkhani ya inshulansi ndi zachibwana ndipo zikundiwawa mumtima.

Munthu watenga ngongole, wapinyolitsa nyumba yomwe ana ake akugonamo, wagula hosi (mutu wa thiraki uja) ndi thirela yake ndalama zankhaninkhani, koma ikafika nkhani ya inshulansi akuti ingondipezerani ka third party kotchipa kaja bola apolisi asandivute pa lodibuloko. Koma abale! Third party ndi imene lamulo la pamsewu limakakamiza inde, koma ntchito yake ndi kulipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera zinthu, komanso ili ndi malire, chipukutamisozi chikapitirira pamenepo zotsalazo kukhoti akatengerako inuyo mwini galimoto. Thiraki yanuyo ikagubuduzika pa Chiweta mabuleki atakana simudzaona olo tambala. Yokonza kapena kubweza galimoto yanu ndi comprehensive basi, ndipo amene anakubwerekani ndalama uja sadzabwera kudzapepesa, mwezi ukatha akufuna zake.

Ndiye pali katundu wa eni ake amene mwasenza kumbuyoko. Ambiri mumaganiza kuti mukadula comprehensive ndiye zonse zatheka, ayi ndithu, katundu ali ndi inshulansi yakeyake, amati goods in transit. Tonse taonapo zomwe zimachitika thiraki ikagwa m'mbali mwa M1. Tenti yang'ambika, matumba ali mbwee mumsewu, dalaivala wakhala pansi wagwira mutu magazi ali chuchuchu, kwinaku anthu akuthamanga ndi njinga, mawilibala, azimayi atwika thumba pamutu ulendo kumudzi, apolisi pofika apeza mapaleti okhaokha. Mwini feteleza uja adzafunsa ndani? Inuyo. Ndipo kontilakiti imathera pomwepo, dzina lanu laipa, palibenso wokupatsani lodi.

China chomwe chikupweteka anthu mwakachetechete ndi mtengo umene munalembetsa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, injini, giyabokosi, matayala zonse timagula kunja ndi madola kapena ma rand, koma inu papepala la inshulansi mukadalemba mtengo wakale uja, ena dala kuti premium, ndalama yomwe mumalipira ku inshulansi ija, ichepe. Dziwani kuti akapeza kuti galimoto munailembetsa pa theka la mtengo wake weniweni, naonso pokulipirani amadula chimodzimodzi, ngakhale ngoziyo ikhale yongophwanya kebini. Apo ndiye mumayamba kutukwana kuti makampani a inshulansi ndi akuba pomwe munadzibera nokha. Chaka chilichonse pokonzanso pepalalo muziunikanso mtengo wa hosi payokha, thirela payokha, ndipo muonetsetse kuti thirelayo yalembedwadi.

Za kunja nazo musamangomvera za m'maluwa. Yellow Card ya COMESA imakuthandizani ku Zambia, Zimbabwe, Tanzania, DRC, koma ndi third party yomweyo, si yokonzera thiraki yanu. Ku Mozambique siigwira, mumagula yawo pa boda ngati pa Zobue kapena Calomue. Ndipo funsani bwinobwino ngati comprehensive yanu ikuwoloka nanu Songwe kapena ikuthera konkuno. Mapepala ogula kwa madobadoba pansi pa mtengo aja, mwina mungadutse nawo lodibuloko, koma tsiku la ngozi mukapita ku ofesi adzakuuzani kuti nambala imeneyi sitikuidziwa.

Tsopano inu madalaivala ndibwere kwa inu, poti enanu ndinu amene mukugwetsa mabwana anu m'dzenje. Kukweza matola pamwamba pa katundu chifukwa cha ndalama ya kanyenya, anthu amenewo akafa mudzawayankha chiyani abale awo? Galimoto yonyamula katundu sinalembetsedwe kuti izinyamula anthu olipira. Kumwa mowa pa siteji kenako nkugwira chiwongolero usiku, kupatsa kamnyamata kothandiza kaja kuti kayendetseko inu mugone pomwe kalibe layisensi ya galimoto yaikulu chonchi, zonsezi kampani ya inshulansi ikazipeza mu lipoti la apolisi ili ndi pokanira. Nanunso mabwana, kudzadza katundu mopitirira muyezo nkumauza dalaivala azembe sikelo, COF, pepala lotsimikiza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, yatha miyezi yapitayo, matayala ali ngati mutu wa dazi, premium simunamalize kulipira. Ndiye mukufuna akulipireni bwanji? Komanso dalaivala wanuyo, amene amagona mu kebini pa boda masiku ambirimbiri akudikira mapepala, akaduka mwendo pantchito yanu lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito likuloza inu, mwamukonzera chiyani iyeyo ndi banja lake?

Sindikunena kuti makampaniwa ndi angelo, ena amachedwetsa ndalama mpaka munthu kutopa, ndikudziwa. Koma ngati mapepala anu ali bwino muli ndi kopita, Reserve Bank of Malawi ndi imene imayang'anira makampani a inshulansi ndipo imalandira madandaulo. Ngozi ikachitika jambulani zithunzi pomwepo, tengani lipoti la apolisi, dziwitsani kampani kapena broker wanu, amene anakudulirani inshulansi uja, mwamsanga osadikira sabata ithe, ndipo musayambe kukonzetsa galimoto kapena kugwirizana zolipirana ndi mnzanu mwagundana nayeyo iwo asanabwere kudzaona.