Musamanyoze osauka ndi chithunzi chimene simunachiyang'ane bwino

Zandinyansa kwabasi. M'mawa uno bambo wina, wophunzira bwino ndithu, waika pa Facebook chithunzi chakale cha William Hogarth, wojambula wa ku England, chija cha Gin Lane cha m'chaka cha 1751, ndipo pansi pake walemba kuti chiyambire kalekale umphawi umabwera ndi ulesi ndi mowa basi. Anthu n'kumaseka, ena n'kumavomereza kuti kuthandiza wosauka n'kutaya ndalama. Ayi, apa sindikhala chete.

Bambo inu, chithunzicho munachiyang'ana? Inde, pali mayi woledzera uja wakhala pamasitepe, mwana akumupulumuka m'manja. Aliyense amaona pamenepo. Koma kwezani maso. Chakumanzere kuli kalipentala akupinyolitsa sowo yake ndi jekete, pambali pake mayi akupereka miphika ndi ketulo. M'dera lonselo la St Giles ku London nyumba zikugumuka, ndipo amene zinthu zikuwayendera ndi atatu okha: wapinyolo, wotcheza mowa waukali wotchedwa jini, ndi wogulitsa mabokosi a maliro. Tsono ndiuzeni, waulesi amakhala ndi sowo? Munthu amene wafika popinyolitsa chida chimene amadyera ndi waulesi kapena wapanikizika? Ndipo jiniyo inachuluka chifukwa boma lomwelo linalimbikitsa kutcheza kuti mbewu za eni minda zipeze msika, koma zimenezo simunalembe.

Hogarth sindikumuyeretsa ayi. Iyenso anali ndi maganizo omwewa ogawa osauka pawiri, abwino ndi oipa. Mu 1747 anajambula nkhani ya anyamata awiri ophunzira ntchito, wakhama n'kudzakhala meya wa London, waulesi n'kudzanyongedwa ku Tyburn, ngati kuti moyo umayenda choncho. Analinso mmodzi mwa akuluakulu a Foundling Hospital, nyumba yolera ana osiyidwa imene Thomas Coram anayambitsa mu 1739. Ntchito yabwino, sindikukana. Koma mukudziwa mmene ankalandirira ana? Malo atachepa, mayi ankapisa dzanja m'thumba n'kutola kampira. Koyera, mwana walowa. Kakuda, bwerera naye kumene wachokera. Ndipo amayi olemera ankabwera kudzaonerera! Mayi akulira, akusiyana ndi mwana amene anamubereka yekha, ena atakhala pamipando kumaonerera. Chifundo chotani chimenecho?

Vuto langa ndi limeneli. Wosauka amayamba waweruzidwa kaye asanapatsidwe kanthu. Ayambe watsimikiza kuti si waulesi, si chidakwa, ndi woyenera. Achite manyazi kaye, kenako adye. Mu 1834 dziko la England linachita kukhazikitsa zimenezi m'malamulo: wofuna thandizo alowe m'nyumba zimene ankazitcha workhouse, mwamuna kwake, mkazi kwake, ana kwawo, ndipo moyo wa m'menemo ankauwawitsa dala kuti anthu aziopa kupempha. Ku workhouse ya m'tauni ya Andover mu 1845 kunadziwika kuti anthu amene anapatsidwa ntchito yophwanya mafupa opangira feteleza ankalimbirana mafupa owolawo kuti akukute tinyama totsalira. Anthu akugwira ntchito tsiku lonse, njala ikuwapha, wina n'kumati aulesi!

Ngati mumakonda zithunzi zakale, bwanji simunaike cha John Leech, chimene chinatuluka m'magazini ya Punch mu 1843? Dzina lake Substance and Shadow. Anthu ovala sanza, ana owonda, olumala a ndodo, alowa m'chipinda chodzaza zithunzi za anthu olemera, akungoyang'ana m'mwamba m'mimba muli gwa. Nthawi imeneyo boma linali litakonza chionetsero cha zojambula zokongoletsera nyumba yatsopano ya malamulo ku Westminster. Anthu akufuna buledi, boma likuwapatsa zithunzi. Leech anaona pamene panali manyazi enieni, ndipo sanali pa sanza za osaukawo. Ku France nako Honoré Daumier anajambula mfumu Louis-Philippe ikumeza ndalama zotengedwa kwa anthu osauka, mu 1831, ndipo anamugamula kukhala kundende miyezi 6. Wojambula woseka wosauka palibe ankamumanga. Woseka mfumu ndiye ankalowa m'ndende. Inu mwasankha kuseka uti?

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ntchito imatha, matenda amabwera osagogoda, mvula imakana. Tsiku limenelo simudzafuna kuti munthu ayambe wakununkhizani m'kamwa asanakupatseni ufa. Wosauka si chitsiru, si waulesi, si choseketsa. Ndi munthu amene zamuthina, basi.

Ndipo inu amene mumapita kumudzi ndi kathumba ka ufa ka makilogalamu 5, ndili nanunso mawu. Mumaimika agogo padzuwa, mumawauza kuti agwade, aombe m'manja, abwerezenso kuthokoza chifukwa foni sinajambule bwino. Agogo a msinkhu wa amayi anu! Chitenje chawo chong'ambika chionekere dziko lonse kuti inu mutamandidwe. Anakuuzani ndani kuti akufuna kuonekera pa intaneti? Munawafunsa? Perekani ufawo, foniyo muike m'thumba.