Musamangodina update pakati pa monografia

Abale, iyi ndiyankhula basi ngakhale ena mukwiye. Chizolowezi chomangodina update pa mapulogalamu owerengera masamu nthawi iliyonse kabokosi kakatuluka pa sikirini chisiyeni, makamaka inu amene mukulemba monografia, ntchito yofufuza yomalizira maphunziro a ku yunivesite, ndipo defesa, tsiku loiteteza pamaso pa aphunzitsi, yayandikira.

Anthu ambiri amaganiza kuti version yatsopano ndiye kuti yothamanga. Ayi ndithu. MATLAB, imodzi mwa mapulogalamu amenewa, imatulutsa version kawiri pachaka, yothera ndi chilembo a cha mu Malichi ndi yothera ndi b cha mu Seputembala, ndipo eni akewo amalemba poyera kuti masiku ano RAM, memori imene kompyuta imagwirira ntchito, ikhale yosachepera 8GB, ikakhala 16GB ndiye bwino. Nanga ife timalaputopu tathu togula kaunjika tija ta 4GB, topanda ndi SSD yomwe, disk yothamanga ija? RAM ikadzadza Windows imayamba kusunga zinthu pa hard disk, ndipo hard disk ndi yochedwa koopsa, ndiye pulogalamu ija siinawonongeke ayi, makinawo ndi amene alemedwa.

Mwana wa achemwali anga akuphunzira kuno ku Tete, ali ndi code yowerengera mvula ya ku Angónia ya zaka zambirimbiri, imatha mphindi zochepa chabe. Mnzake anamunamiza kuti ayike MATLAB yatsopano, mwana uja kuthera mamega ake onse usiku kudawuniloda, m'mawa code yomweyo osasintha ngakhale chilembo chimodzi koma kangozungulira kachizindikiro kodikira kaja, fani ikulira ngati chigayo, iye wangogwira tsaya. Ndiye onjezerani kutentha kwa kuno, Okutobala kapena Novembala madigiri kudutsa 40, purosesa ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndiye iwe wayika laputopu pa bedi pamwamba pa bulangete mabowo onse a mphepo atsekeka, ukuti ithamange bwanji?

Sikuti update ndi yoipa nthawi zonse. Amene ali ndi purosesa ya AMD, version ya MATLAB ya R2020a inawathandiza chifukwa kale masamu ena a matrix, matebulo a manambala aja, ankachedwa pa makina amenewo. Koma inanso imasokoneza zinthu, ogwiritsa ntchito Python mukukumbuka NumPy 2.0, package yake ya masamu, itatuluka mu Juni 2024, mapackage ena omwe anapangidwira version yakale anangokana kutsegula mpaka eni ake atawakonza. Munthu wa ntchito yaikulu ali ndi nthawi yodikira zimenezo, wophunzira amene watsala ndi masabata awiri alibe.

Ngati mtima wakana ndithu ukufuna chatsopano, musachotse yakaleyo. MATLAB imalola ma version awiri kukhala pa kompyuta imodzi bola malo alipo. Ikani tic pamwamba pa code ndi toc pansi pake, malamulo oyezera nthawi amenewa, muyendetse konse kuwiri muone masekondi ndi maso anu, ndipo muyendetse kangapo poti ulendo woyamba umachedwa nthawi zonse. Mwinanso vuto ndi code yanuyo, ma loop okulitsa matrix pang'onopang'ono m'malo moyamba mwasunga malo ndi lamulo la zeros, zimenezo zimachedwetsa pa version iliyonse.

Ndipo inu a docente, aphunzitsi athu, chonde, semester ikamayamba muziwauza ana version imene ili mu labu, kuti kunyumba ayike yomweyo, asamavutike code ikuyenda kusukulu koma kunyumba ikukana.